Chigongono cha wokhoma mbaula

Ndakhoma mbaula zaka zambiri kuseri kwa msika wa Kabwata, pamalo pomwe bambo anga ankakhomera atabwera kuchokera ku Malawi. Dzanja lamanzere limagwira lata, lamanja limamenya ndi hamala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka.

Chaka chomwe magetsi ankazima tsiku lonse, anthu anafuna mbaula kuposa kale. Ngakhale amayi olemera a ku Woodlands ndi Kabulonga ankabwera pa galimoto, ena n'kumafunsa kuti makala amayatsa bwanji. Ndinkakhoma osapuma. Apa m'pamene chigongono chakumanja chinayamba kuwawa, pa kafupa kotukuka ka kunja kaja. Poyamba chinkawawa ndikaweruka basi. Kenako ndinayamba kulephera kunyamula ketulo, kufinya thaulo, ngakhale kugwirana chanza ndi anzanga kumzikiti. Tsiku lina minibasi yopita ku Cairo Road inaima mwadzidzidzi, ine n'kugwira chitsulo cha mpando. Ndinafuula mpaka kondakitala anacheuka.

"Ba mudala, ni chani?"

Ndinangopukusa mutu.

Mkazi wanga ankandithowa ndi madzi otentha, koma sizinathandize. Atandiona ndikudya ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja silinkafikanso pakamwa, anasiya kudya.

"Bambo, mawa tikupita kuchipatala. Musandiuze za mbaula."

Tinakhala pamzere mpaka masana. Dokotala, mayi wachichepere kwa ine, anadina pa kafupa kaja, kenako anati nditukule chikhatho iye akuchikankhira pansi. Ululu unayenda mpaka ku zala. Atandiuza kuti ndiwongole mkono, unakana kuwongoka wonse.

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

Ndinamuuza.

"Nanga mkonowu munagwerapo?"

Ndinali nditaiwala. Ndili wachinyamata ndinagwa pa njinga ku Chelstone, chigongono n'kutupa. Kunyumba anangochimanga ndi nsalu, ndipo chitaphwa tonse tinati chapola.

Dokotalayo anati mavuto ndi awiri. Kumenya kosalekeza kwavulaza mitsempha yomwe imalumikiza minofu ku fupa, n'chifukwa chake kugwira ndi kupotokola zinthu kumawawa. Koma kukana kuwongokako ndi kwa kugwa kwakale kuja: mafupa sanakhalenso bwino pamalo pake, akhala akukhuzana zaka zonsezi, ndipo nyamakazi yalowapo. Anandipatsa mankhwala, anandionetsa mowongolera mkono pang'onopang'ono, n'kunena kuti hamala ndiisiye kwa miyezi ingapo.

"Ndiisiye, ndidye chiyani?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana, n'kupitiriza kulemba.

Ndinapirira milungu iwiri yokha. Nditabwerera kuntchito, tsiku lachitatu hamala inandipulumuka m'manja n'kugwera mu ngalande. Ndinakhala pansi nthawi yaitali osaitola. Ndinali nditatopa ndi kuwawa, nditatopanso ndi kubisa kuti ndikumva kuwawa.

Pano amene amakhoma ndi mlamu wanga, yemwe ntchito yake ya ulonda inatha. Ine ndimayeza malata, kulemba mizere ndi choko, ndi kulankhula ndi ogula. Chigongono chimawawabe, makamaka kukazizira mu Juni, ndipo malaya ndimavala moyambira mkono wodwalawo. Mlamuyo amayesetsa, koma mbaula zake zimatuluka miyendo yosafanana. Poyamba ndinkamudzudzula tsiku lililonse. Masiku ano ndimangotenga kamwala n'kuchirikiza mwendo waufupiwo ogula asanafike.