Wosagona wa ku Luwinga

Tinakhala pabenchi kunja kwa ofesi ya shopu ina ya zomangira ku Luwinga, kudikira intavyu ya ukalaliki. Khoma linali la mabolodi, ndiye zonse zonenedwa mkatimo zinkamveka.

Aliyense ankafunsidwa kuti, "Chofooka chanu n'chiyani?" Mnyamata woyamba anati, "Bwana, vuto langa ndimalimbikira ntchito mpaka kuiwala kudya." Wachiwiri ananenanso zomwezo. Wachitatu anawonjezera kuti amaiwala ndi kugona komwe. Bwanawo ankangoti, "Yewo, yewo chomene."

Mtima unandiwawa. Ine kulawirira ku Mchengautuwa, kuponda matope mvula ili pamsana, kuti ndidzamvere mpikisano wa mabodza?

Nditalowa anandifunsanso funso lomwelo. Ndinati, "Kompyuta ndaiphunzira ndili wamkulu kale, moti ndimalemba pang'onopang'ono. Komanso munthu akamanama ine ndikumva, ndimapsa mtima." Bwanawo anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati ndawatukwana. "Chabwino mama, tikuimbirani."

Mpaka lero sanaimbe. Nanga ankafunsiranji ngati zoona sankazifuna? Bwenzi atangotiphunzitsa nyimboyo pakhomo kuti tonse tiyimbe mofanana.

Ntchito anapatsa wachitatu uja. Tsiku lina ndinapita kukagula misomali pashopupo dzuwa lili paliwombo. Ndinamupeza atagona chagada pamatumba a simenti, akuliza mkonono, makasitomala ataima. Mayi ena anafuna kumudzutsa, koma ndinawagwira mkono.

Ndinati, "Musiyeni mwana wa eni ake. Chichokereni ku intavyu sanagonepo ameneyu."