Khutu Lotsala la Khadija

Nelia atangoyatsa ampu yokuzira mawu, masipika anakuwa ngati lata likung'ambika. Tswiii! Azimayi anataya mbale, akwati anadzidzimuka. Patsogolo penipeni pa sipika yaikulu panali kamtsikana, Khadija, katagwira makutu, kukamwa kuli yasa, kulira osatuluka.

Unali ukwati wa ku Nkaya, ntchito yoyamba ya Nelia. Makolo analibe, mayeso a Fomu 4 analephera, ndipo zokuzira mawuzo anamusiyira mlongo wake popita ku Joni. Poyatsira anamuonetsa. Zotsitsa voliyumu asanayatse sanamuuze.

Kuchipatala anati khutu lakumanzere la mwanayo lawonongeka.

Nelia anaphimba zidazo ndi chitenje. Pamjigo ankamutchula "uja wogonthetsa ana". Akamva mwana akulira, ankathawira m'nyumba. Koma mantha sadyetsa munthu. Njala itamupana, ananyamula ampu ulendo wa ku Liwonde, kwa Che Bakari okonza mawailesi.

"Ndikugulitsa," anatero.

"Wati chiyani? Kweza mawu, makutuwa ndinawasiya kumadansi!"

"Ndati ndikugulitsa! Ndimaiopa!"

"Ukuiopa? Ndiye wayamba kuidziwa ntchito. Ine sindinkaopa, ndione lero. Khala apo."

Anamuphunzitsa mokalipa. Voliyumu yonse pansi usanayatse chilichonse. Jenereta iyambe yakhazikika. Ampu uziyatsa pomalizira, uzizimitsa poyambirira. Kweza pang'onopang'ono, maso pa timagetsi, ndipo kofiira kakaphethira, bwerera m'mbuyo. Maikolofoni isayang'anizane ndi sipika.

Nelia anayambiranso pansi: misonkhano ya amayi kumpingo, masewera a pasukulu.

Kenaka anamuitana ku ukwati wa ku Ulongwe. Kumidzi kuno ukwati timauyeza ndi phokoso. Midzi yoyandikana ikapanda kumva, amati unali wozizira. Nyimbo zili mkati, anatulukira Che Yunusu, mjomba, kapena kuti malume, wa mkwati.

"Iwe mtsikana, ndi maliro kodi? Kweza, amve mpaka ku Liwonde!" Dzanja lawo linali kale pa voliyumu.

Nelia anayang'ana kutsogolo. Ana anali atadzazana pa sipika monga mwa nthawi zonse. Pakati pawo panali Khadija, atabwera ndi mayi ake ku ukwati wa abale, mutu ataupendeketsa, khutu lotsalalo atalilozetsa ku sipika.

Kugwira dzanja la munthu wamkulu pagulu n'chipongwe chokwanira kumuthamangitsira. Koma Nelia analigwira.

"Iyayi amjomba. Ndithamangitseni, koma apa simukweza. Mwana uyo watsala ndi khutu limodzi."

Anthu anatembenuka. Mayi ake a Khadija anaimirira n'kuyamba kuyenda molunjika kwa Nelia. Nelia anatsinzina, kudikira dzina lake la pamjigo lija.

"Ana inu, chokani apo msanga!" anakuwa mayiwo. "Ndipo inu Che Yunusu, chotsani dzanja. Uyu ndi ine tikudziwa zimene inu simunaone."

Che Yunusu anachotsa dzanja akung'ung'udza. Nelia anapempha amuna awiri kukweza masipika pathebulo, kuloza kumsewu, pamwamba pa mitu ya ana. Nyimbo zinamveka mpaka kumsika, kagetsi kofiira osaphethira n'kamodzi komwe.

Lero maukwati a ku Balaka ndi Ulongwe amachita kumulimbirana Nelia. Pantchito sayatsa kanthu asanasunthe ana. Khutu la Khadija silinabwerere, ndipo Nelia saiwala.

Ndiye inu amene munalakwitsa kamodzi n'kuphimba ntchito ndi chitenje, vundukulani. Osataya mtima, pitani mukaphunzire. Ndipo inu oimba m'maukwati, chonde chitani bwino kuposa apa. Tsitsani kaye, yang'anani amene wakhala pa sipika, kenaka muyatse. Sipika ikapsa imagulidwa ina. Khutu la mwana kulibe kokagula.