Mayi Amene Analeka Kumasulira

Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuphunzitsa ku univerisidade, ndikufufuza chinthu chimodzi: zimene zimatsalira mumtima mwa akazi omasulira pa misonkhano ikuluikulu. Omasulira aamuna amawapatsa nkhani za misewu ndi adubu wothira m'munda, koma pakaimirira munthu wolira amati aitane mayi. Akuluakulu oyesa kafukufuku wanga anati zimenezi ndi maganizo anga chabe. Ndikapanda kubweretsa umboni wa womasulira weniweni, za udotora ndiiwale.

Ndinamva za mayi wina wa ku Domwe. Anamasulirapo ku Ulongwe masiku atatu pa msonkhano wa akazi omenyedwa m'mabanja, kenako ntchitoyo anaileka. Ndinapitako kawiri, kawiri konse anandibweza. Kachitatu ndinawapeza kumunda akukumba kachewere. Ndinagwada mumzere momwemo, siketi ya kuntchito ili m'dothi.

"Amayi, ndithandizeni. Mukandikana ndathera pompano."

Anaika khasu pansi. "Aporofesora, mukudziwa kuti womasulira sanena kuti anamumenya? Amati anandimenya. Masiku atatu ndinamenyedwa ine, anthu akundiyang'ana. Mukufuna ndibwereze?"

Manyazi anandigwira, komabe ndinati, "Chonde."

"Chabwino. Ine ndinena m'Chinyanja zimene ananena mayi woyamba pa msonkhano uja. Inu muzitembenuza m'Chipwitikizi, mokweza, ngati zinakugwerani inu."

Ndinayatsa foni kuti ijambule mawu. Anayamba osandiyang'ana: mwamuna wabwera, watseka chitseko, watola chikuni. Ndinatsatira bwinobwino, monga ndimaphunzitsira m'kalasi. Atafika pa mwana amene anali kumsana pamene chikuni chinatera, ndinalekeza. Wanga ndinamusiya kwa mng'ono wanga m'mawa womwewo, akulirira bere. Ndinayesa kunena kuti mwana wanga, mawu anakana. Ndinayesanso, ndinangoona ndikulira, zala zitamira m'dothi.

Anandidikira pang'ono, kenako anatola khasu. "Ameneyo anali woyamba," anatero. "Analipo ambiri. Pitani bwino."

M'shapa, minibasi yobwerera ku Tete, matumba a nyemba atandipana miyendo, ndinamvetsera zimene ndinajambula. Munali mphepo, mawu awo pang'ono, kotsalako kulira kwanga kokhakokha. Panalibe chokapereka kwa munthu.

Ndinalembera akuluakulu aja kalata yopempha kuti andiwonjezere chaka china cha kafukufuku. Mpaka lero sanandiyankhe. Sabata ino ndili ndi atsikana atsopano m'kalasi, ndipo sindikudziwa ngati ndiwauze zimenezi kapena ndingowaphunzitsa kupuma bwino pakati pa ziganizo.