Khomo Lothawira Apongozi

Inu owerenga, ine ndinathyola mwendo wa apongozi anga. Sindinawamenye ayi, ndipo sitinayambanepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinawathyola mwendo pofuna kuwachitira ulemu, ndipo mpaka lero ndikamva munthu akugogoda khoma mtima wanga umadumpha. Ndalemba izi kuti mnzanga amene wanyamula nyundo nʼkuyangʼana khoma la nyumba yake ayambe wakhala kaye pansi.

Ndinakwatira mʼmudzi wina kufupi ndi Nchema, konkuno ku Chiradzulu, nkhondo ya azungu itangotha. Monga mwa mwambo wathu ndinapita kuchikamwini, kwawo kwa mkazi wanga Rozina. Ndisanakwatire ndinagwirako ntchito ku mishoni, yoponda dothi, kuumba njerwa ndi kupatsira amisiri akamamanga. Chifukwa cha zimenezo ndinkadziyesa mmisiri nanenso, chonsecho yanga inali yonyamula basi. Nditangokhazikika ndinapala chikombole changa, ndinaumba njerwa kudambo, ndinawotcha, nʼkumanga nyumba ya denga la udzu. Simenti tikanaitenga kuti? Njerwazo ndinazigwiritsa ndi dothi. Inali nyumba yoyamba ya njerwa mʼmudzimo, ndipo ndisaname, ndinkayenda chotukula mapewa. Khomo linali limodzi, la kutsogolo. Ukalowa unkafikira pabalaza, ndipo kuti ukafike kuchipinda chathu chogona unkadutsa pabalazapo.

Mwina ena a inu simudziwa mmene tinkakhalira. Kwathu kuno mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sankayangʼanana kumaso, sankalankhulana, sankadyera pamodzi. Mukakumana panjira, wina ankapatukira patchire mpaka mnzake adutse. Sichinali chidani, unali ulemu. Ine apongozi anga ndinkawadziwa ndi msana wokha, ali chiweramire mʼmunda mwawo mwa nandolo, poti anali munthu wokonda khasu kuposa aliyense mʼmudzimo. Akafuna kuti ndiwafolerere nkhokwe, mawu ankadzera kwa Rozina. Ndikawagulira mchere, unkadzera kwa Rozina. Tinakhala choncho zaka zingapo popanda vuto.

Chaka china chiperoni chinakhalitsa. Mvula yowaza ija ndi nkhungu sizinkachoka, kuzizira kolowa mʼmafupa. Apongozi anali amasiye, kanyumba kawo kanayamba kudontha, ndipo chifuwa chinawagwira koopsa. Ndine ndemwe ndinauza Rozina kuti akawatenge adzagone mʼnyumba ya njerwa mpaka kunja kutenthe. Anabwera, nʼkuyala mphasa yawo pabalaza, motsamira khoma la pakati, chakumapeto kwenikweni kothawa mphepo ya pakhomo.

Mavuto anayambira pomwepo. Kuti ndituluke kapena kulowa, ndinkayenera kudutsa pamene iwo agona. Ndinkayamba ndatsokomola kuti adziwe. Iwo ankadzuka, kudzifunda nsalu kumutu, kutenga ndodo yawo, nʼkutuluka kukaima kuseri kwa nkhokwe pamvula mpaka ine nditadutsa. Rozina anawadandaulira kuti azingotembenukira kukhoma, koma iwo anakana. Anali munthu wakale, mwambo sankauchita mwatheka. Taganizani, nkhalamba yodwala chifuwa kumanyowa panja chifukwa choti ine ndikufuna kupita kuthengo. Zinkandipweteka kwambiri. Tsiku lina ndinayesa kutulukira pakazenera ka kuchipinda, koma ndinakakamira mʼchiuno, miyendo mʼkati mutu kunja, mpaka Rozina anachita kundikoka uku akulira ndi kuseka. Kabudula wanga anathera pomwepo.

Ndiye ndinaganiza zoboola khomo lina kuseri kwa nyumba, lolowera kuchipinda chathu, kuti mayi aja azigona mwamtendere. Rozina anati, “Bwanji osadikira chiperoni chithe, bambo, nʼkukaitana amisiri a ku mishoni?” Ine ndinamuyankha kuti nyumba yonse ndinamanga ndekha, ndiye kabowo kokha kandikanike?

Malo amene ndinasankha anali pafupi ndi pamene khoma la kuseri limakumana ndi khoma la pakati, chifukwa mbali inayo kunali bedi. Pamwamba pa malo amenewo ndi pamene panatsamira mtanda waukulu wonyamula denga. Ndinkadziwa, poti ndinauika ndine, koma ndinadziuza kuti njerwa zowotcha sizigonja wamba. Mmisiri weniweni amayamba wachirikiza denga ndi mizati. Kenako amachotsa mzere umodzi wa njerwa pamwamba, nʼkulowetsapo mtengo wolimba woti unyamule khoma lotsalalo, ndipo akatero ndi pamene amayamba kugumula chotsika. Ine zonsezo sindinaziganize. Ndinayambira pansi, popeza ndi pamene panali posavuta kukanula.

Linali tsiku la msika ku Mbulumbuzi. Rozina anasenza dengu la nandolo wamuwisi nʼkunyamuka ndi anzake mʼmamawa, ndipo mudzi unatsala wopanda anthu. Ndinali nditamutuma kuti awauze apongozi kuti kukhala phokoso pangʼono, asadabwe. Zowatulutsa mʼnyumba sindinazifune, nanga si kunja kunkawaza, ndipo ntchito yonseyo inali yoti asamanyowe.

Ndinaima panja kuseri ndi nyundo ndi chitsulo chokumbira. Khoma linali litamwa madzi masiku onse aja, dothi la pakati pa njerwa litafewa, moti njerwa zinkangozuka ngati mano ogwedera. Ndinasangalala, nʼkumaimba nyimbo ya kutchalitchi. Bowo litakula ndinalowerapo, ndinayangʼana khoma mʼkati mwa chipinda chathu, ndinaona kuti lili bwinobwino. Kunja nako sindinaone kanthu, poti udzu wa denga unaphimba mizere ya pamwamba. Panatsala mbali imodzi yokha yoti ndiyangʼane, ya pabalaza, kuseri kwa khoma la pakati. Kumeneko sindinapiteko, chifukwa kunali apongozi.

Ndili mʼkati mogumula ndinawamva akutsokomola. Sindinalabadire, anali atatsokomola mwezi wonse. Patapita kanthawi ndinamva ndodo ikugogoda khoma la pakati. Ndinaima. Kunali zii. Nditayambanso, ndodo ija inagogodanso, tsopano mofulumira. Ndinaganiza kuti phokoso lawapweteka mutu, ndipo ndinachita manyazi. Ndinati ndifulumire ndimalize msanga kuti mayiwa apumule, choncho ndinayamba kumenya mwamphamvu kuposa poyamba.

Bowo linali litafika mʼchifuwa pamene ndinakanula njerwa ina ya mʼmbali. Ndinamva mtanda ukulira pamwamba, dothi nʼkundiwazikira mʼmaso. Ndinalumphira kumbuyo. Khoma lonse la pamwamba pa bowo linatsika, denga linatitimira, ndipo ngodya ya khoma la pakati inagwera pabalaza. Njerwa imodzi inandimenya paphewa koma sindinamve ululu. Chimene ndinamva ndi mawu amodzi ochokera mʼnyumba: “Mayo!”

Ndinathamanga kuzungulira nyumba. Inu owerenga, apa ndi pamene pamandichititsa manyazi kuposa zonse. Nditafika pakhomo la kutsogolo ndinaima, ndipo ndinatsokomola. Munthu ali pansi pa njerwa, ine nʼkumatsokomola pakhomo kuti adziwe kuti mkamwini akudutsa. Kenako ndinakuwa kuitana anthu, koma anandiyankha ndi agalu okha. Ndi pamene nzeru zinandibwerera, nʼkulowa.

Fumbi linali tolo. Ndinayamba kuchotsa njerwa ndi manja mpaka zikhadabo zinatuluka magazi. Nditawapeza, mutu wawo unali utangokalika pangʼono, koma mwendo wamanja unali utapindika mʼmunsi mwa bondo, pamalo posapindika mwendo. Ndipo mayi aja, ali mu ululu wotero, dzanja lawo linkafufuza nsalu kuti aphimbe nkhope. Misozi inanditsika.

Ndinadula nsungwi ziwiri, ndinamanga mwendowo ndi nsanza monga ndinkaonera kuchipatala cha ku mishoni, ndipo ndinawanyamula pamsana. Anali wopepuka moti ndinachita mantha. Njira inali yoterera, yokwera ndi kutsika, ine ndikuthamanga ngati wamisala. Titafika pamtsinje ndinamva mawu pafupi ndi khutu langa, mawu amene anali asanalankhulepo ndi ine chikwatirire.

“Akamwini, yendani pangʼonopangʼono, mungagwe nane.”

Ndinachepetsa liwiro. Titawoloka anapitiriza, akupuma movutikira.

“Mngʼalu wa pakhoma lija ndinauona kalekale. Unayambira pangodya, nʼkumabwera pamwamba pa mutu wanga. Dothi limandigwera pabulangete. Ndinati ndidzuke, miyendo inandikanika.”

Ndinati, “Nanga bwanji simunandiitane, amayi?”

Iwo anati, “Ndikanakuitanani bwanji? Ndipo inu mukanandiyankha?”

Mpaka lero sindikudziwa ngati ndikanayankha. Pakati pathu panali khoma lopyapyala, munthu akanongʼona mnzake akanamva, koma tonse awiri tinasunga mwambo mpaka khomalo linagwa.

Chakutsogolo tinakumana ndi amuna ena ochokera kumsika. Anadula mtengo, tinamanga machila ndi bulangete, nʼkuwafikitsa kuchipatala. Masisitere anati fupa lathyoka moipa, koma chimene chinkawadetsa nkhawa kwambiri chinali chifuwa chija, chimene chinakula ndi fumbi komanso mvula ya mʼnjira. Anatiuza kuti tipemphere. Abambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala.

Masiku amenewo sindidzawaiwala. Rozina ankagona kuchipatala. Sananditukwane, sanandikumbutse kuti anandichenjeza, ankangondiyangʼana ndi maso ofiira, ndipo bola akananditukwana. Atsibweni ake, mlongo wawo wa apongozi, anandiuza pamaso pa anthu kuti mlongo wawo akangotsikira kulichete ine ndipinde bulangete langa ndizipita kwathu. Sindinatsutse. Koma kunena zoona, zothamangitsidwa sizinkandiopsa. Chimene chinkandidya chinali choti mayi amene ankanyowa pamvula pondilemekeza afe ndi dzanja langa. Mʼmawa uliwonse ndinkayenda wapansi kukaima panja pa chipatala, kudikira kuti Rozina atuluke ndione nkhope yake.

Mulungu anatichitira chifundo. Chifuwa chinaphwa, ndipo mitengo itayamba kuphuka apongozi anabwerera kumudzi. Koma mwendo uja unapola chofupika ndi chokhota. Khasu sanaligwirenso mpaka imfa yawo. Nthawi yolima ikafika ankapempha kuti tiwaperekeze kumunda, nʼkukhala pachulu kumayangʼana ife tikulima mizere yawo. Ankayesa kuseka, koma ine ndinkaona mmene zala zawo zinkafinyira dothi. Chimenecho ndinawalanda ndine, ndipo palibe chimene ndikanawabwezera.

Atangofika kumudzi anaitanitsa atsibweni aja ndi akuluakulu a banja. Anatuma Rozina kugwira nkhuku, ndipo anandipatsa ndi manja awo, nkhope ili poyera. Anati, “Munthu amene anandinyamula pamsana pake sindingamubisirenso nkhope. Kuyambira lero uyu ndi mwana wanga, ndipo sapita kulikonse.” Atsibweni anangoweramitsa mutu. Tsiku limenelo tinadyera mʼmbale imodzi.

Khoma tinalimanganso ndi amisiri, ndipo khomo la kuseri linaikidwa mwadongosolo, ndi mtengo wa mlombwa pamwamba pake. Koma ntchito imene ndinalifunira inali itatha, poti panalibenso wothawana naye. Apongozi ndiwo analikonda, chifukwa dzuwa la mʼmawa limafikira pamenepo. Ankakhala pakhomopo kusenda nandolo, ine ndili pambali kukonza mipini, tikucheza. Ndi pamene ndinadziwa kuti anali munthu wanthabwala zedi. Akandiona ndagwira nyundo ankati, “Akamwini, lero tigwetsa khoma liti, kuti ndisamuke msanga?” Tinkaseka tonse, koma ine kuseka kwanga kunkathera pamwendo wawo.

Tsono inu owerenga, mverani ine amene ndinaziona. Kuboola khoma lomangidwa kale si ntchito yamasewera, ngakhale munalimanga nokha. Musaliyambe lili lonyowa. Chirikizani denga, ikani mtengo pamwamba musanachotse njerwa za pansi, ndipo ngati simudziwa, kufunsa sikuchotsa ndevu za munthu. Tulutsani aliyense mʼnyumba, ngakhale kunja kukuwaza, pakuti chimfine chimapola msanga kuposa fupa. Ndipo khomalo liyangʼaneni mbali zonse ndi maso anu, ngakhale mbali inayo kuli munthu amene mumachita naye manyazi.

Mwambo wa ulemu sindikuunyoza. Unatisunga bwino, ndipo ana anga ndinawaphunzitsa kulemekeza akuchikazi awo. Koma ulemu umene ungakuimitseni pakhomo munthu akubuula mʼkati, umenewo ndinausiya tsiku lomwe lija.

Apongozi anatisiya kalekale, tinawaika kumanda a ku mishoni. Ndodo yawo sindinalole kuti itayidwe, imakhala chotsamira pakhomo la kuseri lija, ndipo ndi yomwe ija anagogodera khoma. Anagogoda kawiri konse, ine ndinamva, koma ndinadziyankha ndekha mʼmalo mopita kukafunsa. Inu mukadzamva kugogoda, ikani nyundo pansi, pitani mukaone.