Asisi a Labala ndi Tsamba 114

Pali ntchito zina zimene munthu umazilandira mutu uli pansi. Ngati inunso muli pa ntchito yotero, kapena mwangokhala pakhomo osadziwa kolowera, imvani za mtsikana uyu. Ndinamumva akufotokoza yekha atabwera kusukulu kwathu. Ine ndinakhala kumbuyo, sindinafunse funso, koma sindinataye liwu ndi limodzi lomwe.

Anali ndi zaka 19 pamene zotsatira za mayeso omaliza a sekondale zinatuluka. Anayendetsa chala papepala lomatidwa pakhoma, kuyambira pamwamba mpaka pansi, kawiri konse. Dzina lake panalibe. Chaka chimenecho bambo ake anadwala miyezi isanu n'kumwalira, ndipo wowadwazika kuchipatala anali iyeyo. Koma pepala la pakhoma silifunsa zimenezo.

Patapita miyezi itatu anapeza ntchito yosesa ndi kukolopa mulaibulale ya sukulu yomwe ankaphunzira ija. Ana amene chaka chatha ankamupatsa ulemu, tsopano ankangokweza miyendo kuti tsache lidutse. Ena ankamupatsa moni wachisoni, ndipo moni umenewo unkapweteka kuposa kusekedwa.

Woyang'anira laibulaleyo anali mayi wamtali, wosaseka. Atsikana ankawatcha Amakiyi, chifukwa makiyi awo ankamveka eni ake asanaoneke. Tsiku lina Amakiyi anamuikira mtsikana uja kabokosi patebulo.

"Ana awa asandutsa mabuku anga makope," anatero. "Muli malabala umo. Ufufute chilichonse chimene alemba, shelefu ndi shelefu."

Dzina linabadwira pomwepo. Atsikana akamupeza atawerama pabuku, diresi lili mbuu ndi zinyenyeswa, ankanong'ona mokweza: "Asisi a Labala, mukamaliza mundifufutireko ziro wanga wa masamu!"

Iye ankangomwetulira, mtima ukuwawa.

Sabata yachitatu anafika pa buku lina lopanda chikuto, lomatidwamatidwa ndi selotepi. Linali litatha moti Amakiyi analetsa kutuluka nalo. Wolifuna ankawerengera pomwepo, pakona ya kuwindo. Inali nkhani ya mtsikana wa zaka 16 wa kudziko lina lozizira, kumene madzi amauma n'kukhala ngati mwala. Zovala zake, chakudya chake, nyumba yake, palibe chimene chinkafanana ndi za atsikana a pasukulupo.

Koma m'mphepete mwa masamba munali modzaza ndi mawu a pensulo. "Usamukhulupirire ameneyo!" "Iwe, yankha, wangoti duu bwanji?" "Ndinakuuza ine." Atsikana ankamukalipira, kumuseka ndi kumulangiza ngati mnzawo wogona naye chipinda chimodzi.

Pa tsamba 114, mtsikana wa m'bukumo amalandira kalata yoti walephera. Amaipinda n'kuibisa munsapato, ndipo tsiku lonse amayenda akuiponda, uku akuseka ndi anzake. Pamenepo panalibe wolangiza. Panali liwu limodzi lokha, lolembedwa ndi manja osiyanasiyana, m'mbali, pamwamba, pansi, mpaka pakati pa mizere: Inenso. Inenso. Inenso.

Anawerenga n'kupeza 27. Limodzi linali lake, la nthawi imene anali Fomu 2.

Atsikana onsewo anadutsa pasukulupo zaka zosiyana, aliyense akuganiza kuti manyazi akewo ndi a iye yekha, koma onse anadzakumana patsamba limodzi osadziwana.

Komabe ntchito ndi ntchito. Anafufuta. Linatsala limodzi lokha, lakalekale, la inki, limene labala analephera kulichotsa.

Lolemba lotsatira, akupukuta fumbi, anatsegulanso tsamba lija. Pamalo poyera paja panali mawu atsopano, ang'onoang'ono, olembedwa mokanikiza:

"Mwafufutiranji? Ndinalibe kwina kokanena. Ndalepheranso temu ino. Amalume akuti mutu wanga ndi wouma, andipezera ntchito ya m'nyumba. Lachisanu ndi tsiku langa lomaliza."

Panalibe dzina. Sukuluyo inali ndi atsikana oposa mazana anayi.

Akanakanena kwa Amakiyi, akanangouzidwa kuti afufutenso. Kulemba m'buku kunali kutaya ntchito. Choncho anang'amba pepala m'kope lake lakale, nalemba kankhani ka mtsikana wosauka koma wanzeru, waulemu, amene ankadzuka m'mamawa kuwerenga, osadandaula, mpaka anakhala dokotala. Lachiwiri analilowetsa pa tsamba 114. Nthawi yopuma itakwana anatenga tsache n'kukasesa panja, kuti mwini mawu aja asachite manyazi.

Lachitatu anapeza yankho kuseri kwa pepalalo.

"Bodza. Uyu si mtsikana, ndi aphunzitsi avala yunifolomu. Kwatsala masiku awiri."

Madzulo anafika kunyumba atafooka. Mayi ake anali telala, ankasokera pakhonde, ndipo anamuona asanalowe n'komwe.

"Nkhope imeneyo bwanji, ngati wameza singano?"

Anawafotokozera zonse. Mayiwo anawerenga kapepalako ataika patali ndi maso, kenako anaseka mpaka makina anagwedera.

"Mwanayu sakunama. Wamusokera diresi osamuyeza."

"Ndimuyeza bwanji, amayi, munthu sindikumudziwa?"

"Dziyeze wekha. Si msinkhu umodzi? Lemba za masiku naini aja unkandinamiza kuti zotsatira sizinatuluke."

"Munkadziwa?"

"Iwe, ndinakubala ndine. Unkatsuka mbale zotsukatsuka kale. Ndinangoti ndione ufika nazo pati."

M'mawa mwake anafika kuntchito zitseko za makalasi zisanatsegulidwe. Anakhala pachidebe chokolopera, kope pabondo, n'kulemba zimene anali asanauzepo munthu. Analemba za mtsikana amene sanapeze dzina lake pakhoma, n'kubwerera kunyumba akuimba nyimbo kuti asamukayikire. Mtsikana amene anachitira nsanje mnzake wapamtima mpaka kufunira kuti nayenso akanalephera. Mtsikana amene m'mawa uliwonse ankati akupita kukaona zotsatira, koma ankakabisala m'nyumba yosatha kumangidwa, n'kumayang'ana nyerere zikukoka chiwala chakufa.

Zinali ngati akuvula pagulu.

Yankho la tsiku limenelo linali lalifupi: "Uyu ndiye ndikumudziwa. Pitirizani."

Lachisanu linafika. Iye anaganiza: ndikamulangiza, anditcha aphunzitsi. Ndikamupempha, apitabe. Ndiye analemba tsamba lina, mpaka pamene mayi wa mtsikana uja akuimitsa makina osokera, akuvula magalasi, n'kunena kuti, "Khala apa. Lero ndakumana ndi aphunzitsi ako." Pamenepo analekeza. M'munsi analemba mawu awiri okha: "Zinazo Lolemba."

Loweruka ndi Lamlungu chakudya sichinalowe. Ankadzifunsa kuti, kodi kapepala kangalimbane ndi amalume a munthu?

Lolemba anaika tsamba latsopano, nakasesa panja. Anasesa malo amodzi katatu. Belu litalira, ana atabwerera m'makalasi, analowa n'kutsegula buku lija.

"Ndabwera. Ndawauza amalume adikire sabata imodzi. Koma inu ndinu oipa mtima, munthu salekeza pamenepo."

Anakhala pansi pa simenti yonyowa n'kulira.

Sabata imodzi ija inabala inzake. Lachisanu lililonse nkhani inkaima pamalo oti munthu sungagone nayo, ndipo Lolemba lililonse yankho linkapezeka. Tsiku lina linati, "Amalume akalipa, akuti ntchito ija apatsa wina. Ndasangalala koma ndikuopa." Tsiku lina, "Ndapeza 41 pa sayansi. Musaseke, kale ndinkapeza 18."

Atsikana ena anawatulukira mapepalawo, ndipo pakona ya kuwindo panayamba kukhala mzere. Nawonso anayamba kulemba kuseri. Iwowa ndiwo anamuphunzitsa kulemba, ndipo sankamunyengerera.

"Mtsikana sangawayankhe choncho mayi ake. Angangoika kapu patebulo mwamphamvu."

"Mnyamatayu akulankhula ngati wailesi. Muchotseni."

"Bwanji sakulira? Ine apa ndikanalira kubafa, madzi akutuluka."

Iye ankamva, n'kukonza. Anazindikira kuti atsikanawo sankafuna munthu woti azimusirira. Ankafuna wina woti achite mantha awo omwewo, aname bodza lawo lomwelo, koma mawa adzukebe n'kuvala nsapato. Akamuona iyeyo wadzuka, nawonso ankadzuka.

Koma mzere wa atsikana khumi ndi awiri pa buku limodzi lakutha sungabisike. Tsiku lina makiyi analira kumbuyo kwake. Amakiyi anali ataima, mulu wa mapepala uli m'manja.

"Ndinakupatsa labala. Pensulo waitenga kuti?"

"Ndinatola pansi, madamu."

"Watola pansi. Ndiye laibulale yanga yasanduka positi ofesi?"

"Pepani, madamu. Pali mwana wina amafuna kusiya sukulu. Mayeso atsala masabata asanu ndi limodzi. Mukandichotsa, chonde mundichotse akatha kulemba."

Amakiyi anaika mapepalawo m'chikwama n'kutuluka. Tsiku limenelo pa tsamba 114 panalibe kanthu, ndipo atsikana anabwerera akung'ung'udza. Asisi a Labala anatsuka chidebe, nachiika pamalo pake ngati munthu wotsazika.

M'mawa mwake anapeza mapepala aja patebulo, atasokedwa bwinobwino ndi ulusi, ali ndi chikuto cha katoni.

"Tsamba 23 likusowa," anatero Amakiyi osamuyang'ana. "Ndalifunafuna mpaka pansi pa mashelefu. Mtsikana wa m'nkhaniyu, mnzake uja anamukhululukira kapena ayi?"

"Sindinalembebe, madamu. Ndinalumpha nambala."

"Ndiye ukuimiranji? Kukolopa kudikire." Anatsegula buku lakale lija n'kuloza liwu la inki lija, limene pepala lake linali litapyapyala ndi kufufuta. "Ndipo ili ulisiye. Silichoka, ndinayesapo kale. Analemba ndi mtsikana wina wopusa, zaka makumi atatu zapitazo. Pensulo analibe."

Anakhudza makiyi awo, nakhosomola. "Chaka chamawa ulembanso mayeso. Fomu ndakutengera. Usandiyankhe."

Nkhani ija inapitirira mpaka sabata ya mayeso. Tsiku lomaliza, kuseri kwa tsamba lomaliza, panali mawu a dzanja lokanikiza lija:

"Ndalemba onse, sindinathawe ndi amodzi omwe. Zikomo, Asisi a Labala. Ndinadziwa kalekale kuti ndinu. Mapepala anu amanunkha sopo wokolopera."

Mpaka lero sakudziwa kuti anali ndani. Akuti nthawi zina akakwera basi amayang'ana amayi achitsikana, namwino uyu, mphunzitsi uyo, n'kumadzifunsa.

Chaka chotsatira analembanso mayeso, atakhala pakati pa ana amene ankawasesera, ndipo anakhoza. Nkhani ija anailembanso kasanu. Osindikiza mabuku atatu anaikana. Wina anati, "Mtsikana wanuyu ndi wabodza, wansanje, wamantha. Ana aphunzirapo chiyani?" Iye anangotenga mapepala ake n'kupita kwa wachinayi. Kumeneko mkonzi anawerenga masamba khumi, naitana mwana wake wamkazi amene ankamudikira pabenchi kuti aonepo. Mwanayo anakana kubweza.

Atafika pokonza masamba, Asisi a Labala anapempha chinthu chimodzi chimene chinadabwitsa onse.

"M'mphepete musiye malo aakulu. Zala zitatu."

"Malo opanda kanthu? Mayi, kumeneko n'kuwononga mapepala."

"Sakhala opanda kanthu," anatero. "Eni ake akubwera."

Buku limenelo lili mulaibulale ya kusukulu kwathu. Chikuto chinayamba kale kuthothoka. Ndinalitsegula patsamba pamene mtsikana uja wabisala m'nyumba yosatha kumangidwa, akuyang'ana nyerere. M'mphepete monse munali modzaza, pensulo pamwamba pa pensulo, manja amene sindidzawadziwa. Malo a zala zitatu aja anachepa.

Inu amene dzina lanu silinapezeke pakhoma, inu amene mwauzidwa kuti mutu wanu ndi wouma, tamverani. Chimene mukuchibisa munsapatocho, alipo ena ambirimbiri amene akuyenda akuchiponda ngati inu. Mayi uyu anakwera ndi chinthu chomwe chija ankachita nacho manyazi, ndipo anakweza nacho mwana amene sanamuonepo nkhope.

Lachisanu likakuwawani, musanene kuti nkhani yathera pomwepo. Yangolekezedwa. Musadzifufute nokha, ndipo mtima musautaye. Bwerani Lolemba.