Phazi la Nkhuku pa Envulopu

Amuna anga, a Kalisto Zikhalo, anaphunzitsa sayansi zaka makumi awiri pa sekondale yoyendera kufupi ndi Bembeke. Ana asukulu ankawatcha a Phazilankhuku, chifukwa cha chizindikiro chomwe ankakonda kujambula pa bolodi: kamtengo ka nthambi zitatu, ndendende phazi la nkhuku pamatope. Pamayeso sichinkabwera n'komwe. Anachitenga ku yunivesite, komwe anaphunzira fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono, ija amati kwantamu, ndipo analephera kuchisiya.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma nanenso sindinapulumuke. Tili mkati mopalira kachewere, mwadzidzidzi khasu pansi, ayamba kulemba padothi ndi chala.

"Amake Jenifa, taonani. Mu atomu muli kanthu kotchedwa elekitironi. Usanakayeze sunganene kuti kali apa kapena apo, kamayenda ngati funde. Chizindikirochi ndicho fundelo. Ukachichulukitsa ndi icho chomwe, chimakuuza mwayi wokapeza pamalo aliwonse. Mwayi wonsewo ukauphatikiza uyenera kukwana wani, chifukwa kanthuko kali penapake ndithu."

"Nanga ukakayeza?"

"Basi, mwayi wina wonse watha. Yankho latsala limodzi."

"Ndiye kachewereyu tisamufukule, azingokhala wabwino ndi wowola nthawi imodzi?"

Anaseka mpaka kutsamira mpini. "Iyayi mayi, zimenezi n'za tinthu tosaoneka ndi maso. Kachewere kapena munthu, ayi. Wowola ndi wowola, ufukule usafukule."

Chaka chatha mu Febuluwale chakudya chinayamba kuwatsamwa pakhosi. Kuchipatala china ku Lilongwe anawadula kamnofu kuti akakapime. Mu Malichi anapita okha kukamva zotsatira, ine nditatsala ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, Jenifa, yemwe anali mu Folomu 4. Anabwerako ndi envulopu yakhaki yomata.

"Adokotala anali otanganidwa," anatero. "Akuti ndidzapitenso nayo akandimasulire." Ndipo anaitsekera m'chibuku chawo chachikulu chakwantamu.

Epulo anatha osapita. Meyi anatha. Munthu akungomwa phala lamadzimadzi, lamba akubowola mabowo atsopano ndi msomali, koma m'mawa uliwonse njinga kulowa m'nkhungu, ulendo wa kusukulu. Aaa, ndinawalalatira ine! Anansi angachitire umboni.

"Abambo a Jenifa, pakadafunda padajiwitsa galu. Tsegulani envulopu ija, ngati kuli mankhwala muyambe!"

"Isanatsegulidwe, ndili bwino komanso ndikudwala," ankatero akumwetulira. "Bwanji mukufuna kutha mwayi?"

"Musandipusitse! Munanena nokha kudimba kuti zimenezo si za munthu. Wowola ndi wowola."

Tsiku limenelo sanaseke. Anangoyang'ana pakhonde pomwe Jenifa ankawerenga atafunda chitenje chifukwa cha chisanu cha Juni, nati, "Mwanayu alembe kaye mayeso."

Mwina mukuti bwanji sindinaitsegule ndekha. Ndinkadziuza kuti zalembedwa m'Chingerezi, sindingamve. Bodza lenileni. Ndinkaiopa. Ndikamapukuta fumbi, buku lija ndinkalilambalala ngati pali njoka. Envulopu ili chimatire, ndinkatha kugwada m'tchalitchi n'kupempha kuti zikhale zilonda chabe.

Jenifa analemba pepala lomaliza mu Julayi. Bambo ake anakamudikira panja pa geti, atatsamira njinga chifukwa miyendo inali itayamba kukana. Patatha milungu itatu tinawaika m'manda.

Anthu a pamaliro atabalalika, Jenifa anatenga buku lija kuti asunge, envulopu n'kugwa. Anaitembenuza kawiri, nati, "Amayi, iyi inatsegulidwapo." Kumunsi kwake inali itachekedwa ndi lezala, n'kumatidwanso bwinobwino ndi guluu.

Anandiwerengera n'kundimasulira. Khansa ya pammero, itafalikira kale, chotsala n'kuchepetsa ululu basi. Tsiku lake la mu Malichi lomwe lija. Kuseri kwa kalatayo kunali zolemba za dzanja lawo, ndi bolopeni yofiira yochongera: phazi la nkhuku, kutsogolo kwake wani, ndipo m'munsi mawu akuti, "Ine ndayeza, yankho ndi limodzi. Awiriwa akhalebe ndi mwayi wawo."

Mayo ine, Kalisto! Miyezi isanu yathunthu ndikuwanena kuti ndi amantha, ouma mutu, kuti maphunziro anawapotoza. Iwo akumeza mawu anga pammero pomwe phala linkakana kudutsa. Akanandiuza, ndikanasiya kulalata, ndikanakhala nawo pansi kudimba azindijambulira zinthu zawozo mpaka dzuwa kulowa. Mpaka lero ndimakwiya nawo, ndipo ndimawasowa koopsa.

Jenifa anakhoza, fizikisi kuposa phunziro lina lililonse. Buku lija amagona nalo kumutu. Ine sindiligwira, koma sizithandiza. M'mawa uliwonse ndikatsegulira nkhuku zimadzaza bwalo lonse ndi mapazi awo, ndipo ndikafika ndi tsache pamenepo dzanja limakana.