Chaka chimene amai anathila okha chimela

Chikho chija ndikali nacho. Ndi chaching'ono, cha khosi lopindika, chong'aluka pang'ono kukamwa. Pamimba pake pali mizele itatu yowotcha ndi waya wamoto, pansi pake kanyenyezi. Anachikonza ndi atate. Sichinatungepo madzi. Ntchito yake inali imodzi, kutapa chimela.

Tinkakhala ku Msanzala, kumudzi kwa amai. Atate anali mkamwini wochokela ku Luembe, munthu wa kasemasema ndi njinga. Amai ankafulula mowa koma sankagulitsa. Ankati wogulitsa amauthila madzi, ndipo iwo sanabadwile kunamiza anthu. Ankafulula pakakhala dima, ukwati, kapena akangofuna kuti anthu awayamike. Ankakonda kuyamikidwa. Inenso ndinatengela komweko.

Kafululidwe kawo ndimakadziwa ngati pemphelo. Mapila ofiila ankawanyika m'thumba kumtsinje, n'kuwafunditsa masamba a nthochi kuseli kwa nkhokwe mpaka atatulutsa timizu toyela. Ankanunkhila ngati dothi la mvula yoyamba. Ankawayanika pathanthwe, ine n'kumaingitsa nkhuku. Akauma, mumtondo. Ndicho chimela. Phala linali la mgaiwa, lophika m'dilamu lakuda mpaka utsi utafiilitsa maso. Shuga ayi. Yisiti ya m'sitolo ayi. A m'tauni mowa wotele amautcha sevenidezi, koma amai sankawelenga masiku. Ankaika khutu padilamu. "Mowa suthamangitsidwa," ankatelo. "Umanena wokha."

Phala likazizila poti chala chingapilile, ankandiitana.

"Bwela ndi chikho chako."

Ndinkakwela pamtondo wovundikila, kutapa chimela m'lichelo, kuthila, iwo akutakasa ndi mthiko wautali kuposa ine. Phala lolimba lija linkagonja, n'kusanduka lamadzi, lotsekemela. Ndinkaona kuti ndachita ndine. Thobwa loyamba linali langa. Anthu akayamika mowa, amai ankandiloza ndi chibwano. "Manja a mwana uyu."

Lelo ndikudziwa kuti manja anga analibe kanthu. Mwambo wa kwathu unkati mkazi amene akugona mphasa imodzi ndi mwamuna asathile chimela yekha. Mowa ungasase, omwa angadwale chifuwa. Ndiye amaitana mwana. Mwana aliyense, ngakhale wa mamina. Palibe anandiuza. Zotele sauza ana.

Chaka chimenecho titangokolola, kunabwela mai wina wochokela ku Katete. Anali wamasiye, ndi mwana mmodzi wamwamuna wa msinkhu wanga. Anamupatsa malo kutsidya kwa dimba, kufupi ndi msewu. Nayenso ankafulula. Wake unali wa mawele, wothila shuga pang'ono ndi muzu wa munkhoyo wosinja. Unali woyela ngati mkaka ndipo unkapsa msanga.

Madoda anapeza chokangana pansi pa mtengo wa mango. Amalume, mlongo wa amai, ankati mowa ndi wa mapila basi, wina uliwonse ndi phala la makanda. Koma iwo omwewo ankabisa kabotolo ka uchi wa kuchigwa n'kumadonthezela m'chipanda chawo akaona kuti anthu ayang'ana kumbali. Aphunzitsi ankati wa mawele sudwalitsa mutu m'mawa, munthu n'kukaima pabolodi osagwila khoma.

"Ndiye imwani tiyi, aphunzitsi," ankatelo amalume.

Atate ankangoyang'ana m'chipanda.

Anayamba ndi chitseko. Cha mai wa ku Katete chinkakhula pansi, atate anapita kukachipala. Kenako nkhokwe yake inafuna miyendo. Kenako atate anati ng'ombe za anthu zikudya ndiwo kudimba, azikagona kumeneko kulonda. Ine zonsezi sindinazione ngati kanthu. Chimene ndinaona ndi njinga. Pachitsulo cha kutsogolo, pamene atate anamangapo kansanza kuti ine ndisamve kuwawa, panali patakhala mnyamata wa mai uja, miyendo ili lendelende, akuliza belu langa.

Kusukulu anabwela ndi legeni yatsopano. Pamtengo wake panali mizele itatu yowotcha. Ndinam'funsa waitenga kuti. Anati wapatsidwa. Ndinam'menya. Aphunzitsi anandikwapula n'kundipatsa chitsa chokumba. Ndinachikumba mokondwa.

Chisanu chitafika pachimake, amai anafulula wa ukwati wa msuweni wanga. Ndinaingitsa nkhuku monga kale. Ndinatola nkhuni monga kale. Tsiku lothila ndinatsuka chikho, n'kukhala pakhonde, makutu ali tcheu. Dzuwa linapendeka osamva dzina langa. Nditazungulila kuseli, ndinawapeza akuthila okha, ndi mbale yachitsulo, dzanja lina likutakasa.

"Amai, mwandiiwala."

"Pita ukasewele."

"Usasa."

"Susasa."

Sunasase. Chimenecho ndicho chinandiwawa kwambili. Ndinaupemphelela kuti usase, ndinakanunkhiza padilamu m'mawa uliwonse, koma unapsa bwino, thovu likusefukila. Paukwati anthu anayamika. Amai sanandiloze ndi chibwano. Sanaloze aliyense.

Ndinaganiza kuti ndalakwa penapake. Mwina nkhuku zinadya chimela chambili. Mwina ndewu ya kusukulu ija. Ndinayamba kusesa pabwalo osatumidwa, kusamba m'manja ndi mchenga mpaka kufiila. Amai anangoti, "Ukudwala?"

Mphepo ya Ogasiti itayamba, amalume anafuna kufolela nyumba yawo. Anaitana dima. Anthu anali ambili, dilamu limodzi silikanakwana. Atate ndiwo anati, "Tipemphe mai wa kutsidya athandize."

Amai anali akupeta. Sanaleke. "Afulule."

Koma mapila a ulendo umenewo anawasankha limodzilimodzi, ngati akusankha mbewu. Nkhuni anakatema okha, za mtengo umene ankaufuna. Phala analiphika kawili. Chimela anathila okha.

Masana ena ndinawoloka dimba. Sindinatumidwe. Ndinkafuna kuona mowa wa shuga umene aphunzitsi ankautama. Ndinagwada kuseli kwa mpanda wa udzu n'kupatula pang'ono.

Mnyamata uja anali pamtondo wovundikila. M'manja mwake munali chikho chatsopano, chachikasu, chachikulu kuposa changa. Mizele itatu. Kanyenyezi. Amake ankatakasa.

"Pang'onopang'ono, tate."

Atate anali pampando pakhomo, chubu cha njinga pamwendo, malaya atakoleka pachitseko chija. Mnyamatayo anataya chimela pansi, nkhuku n'kuthamangila. Atate anaseka. Ine ndikataya ankandikhoma pamutu.

Ndinabwelela m'minga osamva kubaya. Tsiku limenelo sindinadye. M'mawa mwake atate atabwela kudzatenga sompho, ndinawapempha andikonzele chikho chachikulu.

"Chako chili bwino," anatelo, osandiyang'ana.

Ndakalamba tsopano, koma mawu amenewo sindinawaiwale. Munthu akakukana ndi ukali umadziwa kuti akukuwelengela. Iwo anandikana ngati akuingitsa ntchentche.

Tsiku lofolela linafika. Udzu unkauluka, luzi lonyowa likununkha, anyamata akuponya mitolo padenga. Atate anali pamwamba penipeni, kumanga chisoti, chifukwa pa ntchito imeneyo panalibe wowaposa. Pansi pa mango panali madilamu awili. Amai anaima pa lawo, mai wa ku Katete pa lake. Anapatsana moni waulemu kwambili. Pakati pawo pakanadutsa ngolo.

Dzuwa litafika paliwombo anthu anatsika kudzamwa. Atate anati amalize kaye. Anthu anayamba ndi mowa woyela uja. Unali wabwino, sindinama. Ana tinapatsidwa thobwa lake ndipo ndinamwa, ngakhale ndinalavula pamaso pa mnyamata uja. Kenako amai anavundukula lawo. Fungo linafika mpaka kukhola.

Amalume anamwa, n'kupukuta ndevu. Kabotolo ka uchi sanakatulutse.

"Mlongo, uwu wakwiya."

Aphunzitsi analawa, n'kulawanso. "Mawa ana akaphunzitsane okha," anatelo.

Anthu anaseka. Dilamu loyela linatsala ndi agogo awili ndi ntchentche. Amalume anandiona pamene ndinakhala, anandikoka, n'kukweza dzanja langa m'mwamba.

"Onani manja a mphwanga. Chimela chimamumvela uyu."

Ndinachotsa dzanja.

"Sindine. Amai amathila okha tsopano. Chiyambile chisanu."

Mai wina anakhosomola. Ine ndinapitiliza, chifukwa ndinaona kuti mlandu wanga wapeza bwalo. Ndinaloza mnyamata uja.

"Amene amathila ndi uyu, kwawo. Ndinamuona. Ndi chikho chimene anakonza atate. Chachikulu kuposa changa."

Ndinkayembekezela kuti amalume aweluza pomwepo. Chikho chitengedwe, chipatsidwe mwini wake.

Panalibe woseka. Mphepo yokha ndi udzu. Kenako gogo mmodzi wa padilamu loyela anaika chipanda pansi n'kufunsa, osaloza munthu.

"Wamasiye aitanilanji mwana kuti athile chimela?"

Mai wa ku Katete anatenga lichelo n'kuvundikila dilamu lake. Anagwila mwana wake pamkono. Anapita osatsanzika, nsalu ikukupiza.

Amalume anayang'ana kudenga. "Alamu, tatsikani."

Atate anatsika pang'onopang'ono, luzi likali m'kamwa. Amai sanatembenuke. Anatunga mowa n'kupatsa aphunzitsi ndi manja awili.

"Imwani, bambo. Usatsale."

Nkhope ya amai sinadabwe. Ndinaiyang'ana bwino. Inali ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Akuluakulu anapita kuseli kwa nkhokwe. Sanachedwe. Mkamwini sakhala ndi katundu wambili. Atate anamanga bulangeti, sompho ndi kasemasema panjinga, n'kuikankha kulowela kudimba. Chisoti cha nyumba ya amalume anamaliza ndi munthu wina. Chinkadontha mpaka nyumbayo inagwa.

Mvula isanagwe anasamukila ku Nyimba onse atatu, atate, mai uja ndi mwana wake. Mnyamata uja anaphunzila, ine ndinalekela pulaimale. Lelo ali ndi sitolo pamsewu waukulu, ndipo kasemasema wa atate anamukoleka pakhoma kuseli kwa kauntala. Pamalilo a atate anaima ndiye kulankhula m'malo mwa ana. Ndikadutsa amandiitana kuti achimwene. Ndimakweza dzanja n'kupitilila. Sopo ndimakagula kwina. Anthu amati iye analibe mlandu, anali mwana ngati ine. Ndikudziwa. Kudziwa sikuchiza.

Inenso ndimafulula, kawili katatu pachaka, m'ndowa ya pulasitiki. Wa mapila, wopanda shuga. Anzanga amabwela Loweluka n'kumakangana. Wina akuti ndithile uchi, wina nthochi zakupsa, wina munkhoyo. Ndimawasiya alankhule. Wa mawele sindinauikepo pakamwa chichokele tsiku lija.

Ena amafunsa ngati ndimadandaula kuti ndinalankhula. Ayi. Ndinanena zimene ndinaona. Amai anali atanena kale ndi mbale yachitsulo ija, kwa aliyense amene akanazungulila kuseli kwa nyumba. Anangosowa wozungulila.

Koma madzulo a tsiku limenelo, anthu atabalalika, ine ndinali wokondwa. Ndinaona kuti ndawina. M'maganizo mwanga, amalume anakalipa, atate anamvela, ndipo anawoloka dimba kukatenga chikho chachikulu chija. Bulangeti sindinaliganizile.

Ndinapeza amai akukokota masese m'dilamu kuti apatse nkhumba, mutu ndi mapewa zili mkati.

"Amai, akabwela nacho chachikulu, ndizithilanso ine?"

Kukokota kunaleka. Anatuluka, masese ali m'zigongono. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundichotsa kaudzu m'tsitsi.

"Kakoleke chako pamsomali," anatelo. "Chivundikile, mphemvu zingalowe."

Ndinakachikoleka. Ndinasiya malo pambali pake, pa chachikulu. Kenako ndinakakhala pachulu choyang'ana kudimba, kumvetsela belu la njinga.